Wosesa Kumbuyo kwa Mpikisano

Pa mpikisano wa njinga za m'mapiri pamakhala munthu mmodzi amene sapikisana ndi wina aliyense. Amanyamuka onse atapita, n'kumapalasa kumbuyo kwa womaliza. Ntchito yake ndi kumasula timaliboni tosonyeza njira, kutola mabotolo amene agwa, kuthandiza amene tcheni chawadukira, ndiponso kutulutsa mu mpikisano amene nthawi yawathera. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ntchito imeneyi ankaigwira mayi wina wokonza njinga m'katauni ka m'tsinde mwa mapiriwo, mpaka anthu anangomutcha Tsache. Ngakhale mwamuna wake, yemwe ankayendetsa pikapu ya komiti ya mpikisanowo, pagulu ankamuitana choncho.

Shopu yake inali chipinda chimodzi moyang'anana ndi positi ofesi yakale. Kudenga kunkalendewera malimu a matayala a njinga, pakona panali beseni la madzi akuda lofufuzira pamene chubu chabooka, ndipo pakhomo panali benchi pamene opalasa ochokera mumzinda ankakhala Loweruka lililonse n'kumasimbirana mmene anakwerera zitunda. Lachinayi la sabata ya mpikisano, wapampando wa komiti anabweretsa pepala la mayina. Tsache analilandira ndi nsonga za zala chifukwa manja anali ndi girisi. Anawerenga kutsika m'munsi monga ankachitira chaka chilichonse, kufuna kudziwiratu amene adzamuchedwetse. Pa nambala 87 anapeza dzina la bambo ake.

Bambo akewo anthu ankawadziwa kuti a Makalata. Kwa zaka 31 ankanyamula makalata kupita kumasukulu, kuzipatala zing'onozing'ono ndi kumisasa ya anthu ogwira ntchito m'nkhalango, katatu pa sabata, pa njinga yakuda ya giya imodzi. Atapuma ntchito njingayo anangowasiyira, poti panalibenso woifuna. Tsopano anali ndi zaka 68.

Atatseka shopu anadzera kwa makolo ake. Anawapeza bambo ake kuseri kwa nyumba, njinga ataigadabuza pa chiguduli, akudontheza oyilo pa tcheni. Pampando pambali pawo panali chisoti chabuluu chimene Tsache anachizindikira nthawi yomweyo. Chinali cha mwamuna wake.

"Bambo, dzina lanu likutani pa pepala ili?"

"Alilemba molakwika?"

"Alilemba bwinobwino."

"Ndiye palibe nkhani."

"Ndi makilomita 70. Theka lake ndi miyala yokhayokha."

"Miyalayo ndikuidziwa. Ina ndinaikankhira pambali ndine iwe usanabadwe." Anazungulitsa pedulo ndi dzanja n'kumvetsera kulira kwa tcheni. "Anzako aja okhala pabenchi. Wina anandiuza kuti chitunda cha kunsanja yoonera moto munthu wamba sangachikwere. Ndinamufunsa kuti iyeyo amakwera atanyamula chiyani. Akuti botolo la madzi."

Mayi ake anasuzumira pawindo la kukhitchini. "Usadzivute, mwanawe. Ine ndalankhula kuyambira mwezi watha, pakamwa mpaka pauma. Ndawauza kuti akakakomoka kumeneko asabwere kudzandidandaulira."

Tsache anawafotokozera lamulo, ngakhale ankadziwa kuti analiwerenga kale. Pa kilomita ya 45 panali mlatho wachitsulo. Aliyense amene sanawoloke pofika 1 koloko masana ankadulidwa nambala n'kukwezedwa galimoto.

"Mukakafika mochedwa ndikadula," anatero.

"Ukadule. Si ntchito yako?"

Tsiku lotsatira anakwera yekha m'mapiri kukamanga zizindikiro, poti ntchito imeneyonso inali yake. Pamphambano iliyonse ankamanga timaliboni titatu tofiira kumbali yoyenera kulowera, ndipo njira yolakwikayo ankaitseka ndi liboni lalitali lopingasa. Pofika m'nkhalango ya paini, kupitirira mlatho uja, mpukutu wa liboni unali utatsala pang'ono kutha, pamene kutsogolo kunali kudakali mphambano zisanu ndi ziwiri. Anafika pamene kanjira kena kakale kamapatukira kumanzere. Kanali kowirira udzu m'mbali, ndipo njira yeniyeni inkachita kuoneka kuti ikukhotera kumanja. Anamanga kaliboni kamodzi panthambi ya kumanjako n'kupitirira. Kunali dzuwa, ndipo atacheuka ali patali kaliboniko kankaonekabe.

Loweruka m'mawa pabwalo la sukulu panasonkhana opalasa 120. Njinga zambiri zinali zopepuka moti munthu akanatha kuzinyamula ndi dzanja limodzi uku akumwa tiyi. A Makalata anafika atavala buluku la khaki, miyendo yake ataipisa m'masokosi. Pakaliyala anamangapo jekete ndi kathumba ka nthochi ndi buledi. Bambo wina wovala zothina anayesa kuinyamula njinga yawo, n'kuibwezera pansi msangamsanga.

"Madala, imeneyi ndi njinga kapena geti?"

Anthu anaseka, a Makalata anaseka nawo. Wezulo atalira 7 koloko, gulu lonse linatuluka pabwalo n'kulowa mumsewu wa tala. Tsache anadikira fumbi lithe, anayesa wailesi ya m'manja, n'kunyamuka.

Maola atatu oyambirira bambo ake sanawaone. Anachedwa ndi munthu wina amene tayala linamuphulikira alibe chubu china, kenako mayi wina amene ankasanza m'mbali mwa msewu n'kumalumbira kuti sadzabweranso. Tala atatha, msewu wafumbi unayamba kukwera pakati pa minda ndi nyumba zotalikirana. Anawapeza pa chitunda chachiwiri cha m'ma 10 koloko, akukankha njinga. Kumbuyo kwawo kunali kudakali anthu awiri, koma onsewo anakasiyira pamalo omwera madzi. Kuyambira pa kilomita ya 30 womaliza anali a Makalata, ndipo Tsache ankapalasa mamita khumi kumbuyo kwawo, monga ankachitira ndi womaliza aliyense.

Kapalasidwe kawo kanali kachikale. Poyalana ankayenda liwiro limodzimodzi, msana uli chilili. Pachitunda ankaimirira pa mapedulo, njinga n'kumalira kwe, kwe, ndipo ikakana ankatsika popanda manyazi n'kumakankha ndi mapazi aataliatali. Potsetsereka mabuleki sankawagwira kwenikweni. Ankadziwa pamene msewu umakhota asanapaone.

Ankalankhulanso, osacheuka.

"Apa panali sitolo ya munthu wina amene ankalandira makalata atatu pa mwezi, ochokera kwa akazi atatu. Ankandipempha kuti ndizimupatsira kuseri kwa nyumba."

"Yakwana 11:40, bambo."

"Uko kunali mphunzitsi wamtali amene anadikira kalata yomusamutsa zaka zisanu ndi zinayi. Itabwera anakana kusamuka."

"Kwatsala makilomita naini."

Ataima kuti amwe madzi, Tsache anaona kuti madzi akuwatayikira pamalaya. Anayang'ana kumbali n'kumasula kaliboni pachitsamba.

Mlathowo anayamba kuuona ali pamwamba pa chitunda, nthawi itatsala mphindi zisanu kuti ikwane 1 koloko. Unali pansi m'chigwa, makilomita anayi kuchokera pomwe anali, ndipo pikapu yoyera inkaoneka itaima tsidya lino. A Makalata anayang'ana wotchi yawo, anawerama pang'ono n'kuyamba kutsika. Anafika 1:14.

Mwamuna wa Tsache anali atatsamira pikapu, mkati muli anthu anayi odulidwa kale. Ataona apongozi ake anavula kapusi n'kuyamba kuyang'ana kumtsinje ngati kuli chinthu.

"Mphindi khumi ndi zinayi," anatero Tsache.

"Ndaona. Wotchi ndili nayo."

Anatulutsa pulaya m'chikwama n'kudula tizingwe tiwiri tapulasitiki timene tinamanga nambala ku mahandulo. Nambalayo anaipereka kwa mayi wolemba nthawi, yemwe anailemba m'buku osadzutsa mutu.

"Bambo, malo alipo kutsogoloku," anatero mkamwini. "Njingayo ndikwezera."

"Zikomo, bambo. Kodi msewu uwu ndi wa akomiti?"

"Ayi."

"Ndiye ine ndikungopita kokayenda."

"Mukawoloka apa simuli m'manja mwa aliyense," anatero Tsache.

"Nanga kale lonse lija ndinkawoloka ndili m'manja mwa ndani?"

Anadya nthochi imodzi, khoko analiika m'thumba, n'kuwoloka. Tsache anatsala mphindi khumi akuthandiza kumanga njinga za odulidwa aja. Mwamuna wake anafuna kunena za chisoti, koma atayang'ana nkhope ya mkazi wake anangokoka chingwe.

Tsidya la mlatho njira inalowa m'nkhalango ya paini. Kunja kunali kutasintha. Nkhungu inatsika kuchokera pamwamba n'kudzaza pakati pa mitengo, moti munthu sankaona kupitirira mamita makumi awiri, ndipo masamba ogwa anali atanyowa n'kumaterera. Tsache ankaima pafupipafupi kumasula timaliboni. Atakwera pafupifupi theka la ola anaona njinga yakuda itatsamira mtengo, bambo ake atanjuta pambali pake. Poyamba anaganiza kuti adwala. Atayandikira anaona kuti akuyang'ana pansi.

Anali pamphambano ya kanjira kakale kaja. Matayala ambirimbiri anali atapondaponda kukhotera kumanja. Koma panali mzere umodzi, wa tayala lalikulu la mano, umene unalowa kumanzere n'kutsika.

"Walowa mmodzi," anatero a Makalata. "Sanatuluke."

Tsache anaitana pa wailesi munthu wolemba manambala kunsanja yoonera moto, pamwamba penipeni pa phiri. Anayerekeza manambala ake ndi a pamlatho. Patapita kanthawi mawu anabwera okhadzulakhadzula: nambala 54 anawoloka mlatho 12:20, koma kunsanja sanadutse.

"Kanjira aka kamathera kuti?"

"Kumacheka akale, kumene ankachekera matabwa. Koma usanafike pali khwawa. Panali mlatho wamatabwa, unawola ndisanapume ntchito."

Tsache anayang'ana kumanja. Kaliboni kake kanali pomwepo, koma mphepo inali itakakulunga kunthambi, kanyowa n'kuda, moti kankangooneka ngati khungwa. Bambo ake anayang'ananso komweko.

"Kamodzi?"

"Kamodzi."

Anatenga njinga yawo n'kuloza kumanzere.

Kanjirako kankatsika molunjika, kosalala bwino poyamba, mtundu wa njira imene wopalasa amasangalala nayo n'kusiya mabuleki. A Makalata anatsogola, phazi limodzi akulikweza pansi. Atatsika makilomita awiri anakweza dzanja, n'kuima. Patsogolo pawo njira inathera m'malere. Panatsala mitanda iwiri yokha, yakuda ndi ndere, ndipo njinga yobiriwira inali itakodwa pa mtanda umodzi, tayala lakutsogolo litapindika.

Mwini wake anali pansi m'khwawa, kuya kwake ngati nyumba, atakhala pamiyala atatsamira khoma la dothi la khwawalo. Anali mayi wa zaka ngati makumi anayi ndi zisanu. Chisoti chinali chitang'ambika pamwamba koma anali adakachivala. Atawaona sanakuwe. Anangokweza dzanja limodzi ngati munthu woimika basi.

A Makalata ankadziwa potsikira, pambali pa chitsa, pamene ankadutsitsira njinga mlatho utawola. Anatsika chokhala, Tsache akuwatsatira ndi chikwama cha mankhwala.

"Ndaona kuti palibe mlatho nditafika kale," anatero mayiyo. Mano ankagundana ndi kuzizidwa. "Foni ilibe netiweki. Ndakuwa mpaka mawu atha."

"Mukumva kuwawa pati?"

"Mwendo wamanja, pansi pa bondo. Ndi phewa. Ine ndine dokotala wa mano, mafupa a kumunsiku ndinawaphunzira kalekale, koma ili lathyoka. Sindikufunika kufunsa munthu."

"Mutu?"

"Ndikudziwa dzina langa ndi tsiku lalero."

Tsache anamufunditsa chofunda chopyapyala chonyezimira cha m'chikwama cha mankhwala, a Makalata n'kuwonjezera jekete lawo pamwamba. Kenako anathyola timitengo tiwiri towongoka, Tsache anacheka chubu chakale n'kupanga malamba, ndipo anaumanga mwendowo mmene unalili, osauwongola. Pomanga lamba wachitatu mayiyo analuma kolala ya jekete n'kutseka maso.

"Pepani, mayi," anatero a Makalata. "Ngati ndi mano, ine ndatsala nawo naini okha. Sindidzakuvutitsani."

Mayiyo anayesa kuseka koma phewa linamuletsa.

Wailesi m'khwawamo sinkagwira. Munthu anayenera kukwera mpaka pamalo ena odulidwa mitengo, mamita mazana asanu ndi limodzi kubwerera m'mbuyo. Kumunyamula mayiyo kukwera naye kanjira kaja kunali kosatheka. A Makalata anati kuli msewu wina wa mathirakitala umene umachokera kumunsi n'kufika kumacheka, tsidya lina la khwawa, ndipo pikapu ikhoza kudutsa ngati woyendetsa ali ndi mutu. Anayamba kufotokoza pokhotera: kuseri kwa matanki a madzi, geti lachiwiri osati loyamba, kamtsinje kowoloka m'madzi, kenako mphambano zitatu. Pofika pa mphambano yachiwiri Tsache anali atasokonezeka.

"Bwera nayo wailesiyo," anatero bambo ake. "Iwe ndiye udziwa za mabandeji."

Anayang'ana miyendo yawo. Inali itapalasa makilomita makumi asanu. Anawapatsa wailesi n'kuwaonetsa batani lodina. Anakwera chokwawa pambali pa chitsa paja n'kuzimiririka mu nkhungu.

Anatsala awiri. Madzi ankadontha kuchokera m'mitengo. Tsache anamugwira mayiyo dzanja kumva kugunda kwa mtima, anamuyang'ana m'maso, n'kukhala pamwala moyandikana naye kuti amutchinge mphepo.

"Ndakhala ndikuganiza," anatero dokotala wa mano uja. "Ndaphonya pati? Ndimayang'anitsitsa zizindikiro ine. Mwamuna wanga amandiseka kuti ndimawerenga ndi zikwangwani za malonda zomwe."

"Simunaphonye. Pamphambano paja pamafunika timaliboni titatu ndi lina lotseka njira. Panali kamodzi, ndipo kanakulungika kunthambi."

"Wachotsa ndani?"

"Palibe wachotsa. Ndinamanga kamodzi. Ndinamanga ndine dzulo."

Mayiyo anamuyang'ana kwa nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mwendo wake, ndi timitengo tija, ndi malamba a chubu.

"Mundipatseko madzi," anatero.

Tsache anamumwetsa pang'ono. Nthawi ndi nthawi Tsache ankamufunsa ngati zala zakuphazi akuzimva, iye n'kumayankha ndi mawu amodzi.

A Makalata anabwerera patapita mphindi makumi anayi. Sanatsikenso m'khwawa. Anakhala pamwamba m'mphepete, miyendo ataitambasula, n'kunena kuti mkamwini wamva ndipo akubwera ndi namwino. Anatulutsa buledi, anafunsa ngati wodwala angadye, Tsache anati ayi, ndiye anadya okha pang'onopang'ono.

Pikapu inamveka cha m'ma 4 koloko, ikulira m'munsi mwa nkhalango, ikusiya, ikuyambanso. Inaima tsidya lina la khwawa. Munatsika namwino, amuna awiri ogwira ntchito m'nkhalango atanyamula machira, ndi mwamuna wa Tsache, buluku lili matope mpaka m'mawondo.

"Njira andiuza bwino," anauza mkazi wake chapansipansi, namwino akugwira ntchito yake. "Kungoti akuti ndikhote pa mtengo waukulu. Mtengowo anadula kalekale, patsala chitsa. Akuti ndidutse nyumba ya kapitawo wachibwibwi. Anthuwa akuti kapitawoyo anamwalira iwo ali kusukulu."

"Koma mwafika."

"Tafika. Geti lachiwiri lija ndiye linalipodi."

Anamukweza mayiyo anthu anayi, kudzera mbali imene khwawa linali losaya. Pomulowetsa m'galimoto anapempha kuti jekete alibweze kwa mwini wake, koma namwino anati likhale kaye. Tsache sanamuyang'ane, ndipo iyenso sanayang'ane Tsache.

Atabwerera kukatenga bambo ake anawapeza akadali pomwe anakhala paja. Anayesa kudzuka koma miyendo inakana. Minofu ya m'ntchafu inali itakokana, yolimba ngati matabwa, ndipo nkhope yawo inali itatuwa. Mkamwini ndi mmodzi wa anthu a m'nkhalango aja anawagwira uku ndi uku n'kuwawolotsa, mapazi akungokhudza pansi.

"Njinga yanga," anatero.

"Ikubwera, bambo."

Anawakhazika kumbuyo kwa pikapu pakati pa njinga ziwirizo, yakuda ndi yobiriwira, atagwira iliyonse ndi dzanja limodzi kuti zisagundane. Namwino anawayeza mtima n'kuwauza kuti akafika atsike nawo kuchipatala. Iwo anati aona. Namwino anati sakuwafunsa.

Tsache sanakwere. Kunali kudakali makilomita makumi awiri a timaliboni. Anakankha njinga yake kukwera kanjira kaja mpaka pamphambano, anamasula kaliboni konyowa kaja n'kukaika m'thumba limodzi ndi tinzake, ndipo anapitiriza ulendo. Kunsanja anapeza wolemba manambala atapita kale, atasiya botolo la tiyi wozizira pamwala. Anatsika mbali ina ya phiri yekhayekha, akuima pamphambano iliyonse. Anafika pabwalo la sukulu dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Opambana anali atalandira zikho zawo n'kupita. Anthu awiri ankapinda chinsalu cholembedwa pomalizira, ndipo wina ankatola makapu apulasitiki mu udzu.

Bambo ake anagona kuchipatala tsiku limodzi, akuwathira madzi a m'botolo. Dokotala wa mano uja anatumizidwa kuchipatala chachikulu mumzinda, kumene anamuika chitsulo m'mwendo. Njinga yobiriwira inakhala mushopu ya Tsache masiku atatu. Anaisintha limu lakutsogolo ndi kuwongola mahandulo ngakhale palibe anamutuma. Lachiwiri kunabwera bambo wina wamagalasi pa galimoto yaing'ono, nati ndi mwamuna wa mayi uja. Anabweretsa jekete litachapidwa ndi kusitidwa. Anayang'ana limu latsopanolo, anayang'ana Tsache, anakweza njinga n'kunena kuti madokotala akuti ayamba kuponda pakatha miyezi itatu. Tsache anati awapatse moni. Bamboyo anagwedeza mutu n'kutseka chitseko cha galimoto.

Komiti inakumana Lachitatu masana m'kalasi ina pasukulu paja, anthu asanu ndi atatu atadzipanikiza m'madesiki a ana. Wapampando anawerenga lipoti la namwino, kenako anati nkhani ya zizindikiro ndi yodziwika kale. Chaka chilichonse anthu odutsa amamasula timaliboni kukamangira zinthu zawo, mbuzi nazonso zimadya. Anati alemba kuti zizindikiro za pamphambanopo zinachotsedwa ndi anthu osadziwika, ndipo anayamba kulemba.

"Sizinachotsedwe," anatero Tsache. "Liboni linandithera. Ndinamanga kamodzi, njira ya kumanzere sindinaitseke."

Wapampando anaimitsa cholembera. "Mayi, apa tikungofuna kutseka nkhani."

"Mayi wovulalayo ndinamuuza kale. Mukalemba zina adzadabwa."

Wina anakhosomola. Msungichuma anafunsa chifukwa chimene sanabwerere kudzatenga mpukutu wina, ndipo Tsache anati kunali kutali, ndiponso anaganiza kuti kamodzi kakwana. Anakambirana pafupifupi ola lathunthu, nthawi zina ngati iye palibe. Pomaliza anagwirizana kuti kuyambira chaka chamawa zizindikiro azimanga anthu awiri, wina womanga wina woyendera, ndipo Tsache asakhale mmodzi wa iwo. Anagwirizananso zolembera kalata mayi uja ndi kupempha a nkhalango kuti atseke kanjirako ndi mtengo. Za kusesa kumbuyo wapampando anafunsa ngati pali wina amene akufuna ntchitoyo. Panalibe.

Pobwerera anadzera kwa makolo ake. Bambo ake anali pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, buluku atalipinda mpaka m'mawondo. Kuyambira Loweruka ankayenda chogwira khoma, ndipo mayi ake ankauza aliyense wobwera kudzawazonda kuti m'nyumba muli mwana wophunzira kuyenda.

"Wanena?" anafunsa bambo ake.

"Ndanena."

"Akuti bwanji?"

Anawafotokozera. Anamvetsera akusuntha zala m'madzi.

"Ndiye azimanga ndani?"

"Msungichuma ndi mphunzitsi wa masamu uja."

"Mphunzitsi ameneyo anasochera pochokera kumsika, tauni yake ino." Anatulutsa phazi limodzi, analiyang'ana, n'kulibwezeramo. "Uwajambulire mapu. Ulembe ndi mphambano zomwe, iliyonse ndi nambala yake. Ukabwera Lamlungu ndikuuza zimene sukuzidziwa, zilipo zinayi kapena zisanu."

"Sanandipemphe."

"Ungowapatsa. Akakana ndi zawo."

Mayi ake anatuluka ndi ketulo, anathira madzi otentha m'beseni osachenjeza, bambo ake n'kukweza mapazi onse awiri. Kenako anauza Tsache kuti achotse njinga yake pakhomo chifukwa akufuna kukolopa, ndipo ngati akudya konkuno anene msanga.